Madzi saiwala khwawa: kaonedwe ka Chikhristu ndi funso loti "wachita ndani?"

Pa maliro a mwana wa msuweni wanga, amayi a mvano anachezera usiku wonse m'siwa akuimba za kuuka kwa akufa. Ife amuna tinali panja titazungulira moto wa chitsa, wina atafunda chitenje cha mkazi wake, wina akusinza pampando wa ndalema. Mwanayo anamwalira ndi malungo. Kuchipatala anamuyeza magazi n'kutiuza bwinobwino, ndipo kabuku kake ka kuchipatala kanali m'thumba la jekete la bambo ake. Koma cha m'ma 2 koloko usiku, nyimbo zitayamba kuzilala, bambo wina wachikulire anasonkhezera moto n'kunena motsitsa mawu kuti, "Malungo inde, sitikukana. Nanga udzudzuwo anautuma ndani?" Palibe anaseka. Wofunsayo anali mkulu wa mpingo, munthu woti Lamulungu lililonse amayendetsa mbale ya chopereka. Pomwe kunkacha, adzukulu asananyamule n'komwe makasu, dzina la gogo wina wa kutsidya kwa dambo linali litayamba kale kuyenda m'manong'onong'o.

Bamboyo si wachinyengo ayi. Amakhulupiriradi Yesu, ndipo mukamufunsa za katekisimu amayankha osapunthwa. Kungoti funso la usiku umenewo silinachokere m'katekisimu. Linachokera pansi penipeni, pamalo amene munthu saganizirapo chifukwa ndi pamene waponda. Malo amenewo ndi omwe ophunzira za umulungu amawatcha kaonedwe ka dziko, kutanthauza mayankho amene munthu anawayamwira kale, kawirikawiri osadziwa, a mafunso ngati awa: dzikoli mwini wake ndani? Munthu n'chiyani? Chinalakwika n'chiyani kuti tizivutika chonchi, nanga chingakonze zinthu n'chiyani? Tikafa timapita kuti? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'chilimwe khwawa limakhala louma, ana amaseweramo, mbuzi zimadutsamo, mwina n'kuiwala kuti lilipo. Koma igwe mvula yamkuntho, madzi safunsa njira. Kaonedwe ka munthu kamadziwika tsiku la mvula: mwana akadwala, malonda akalowa pansi, mnzake akagula galimoto mosayembekezeka.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, pafupifupi 77 amati ndi Akhristu. Chiwerengerochi chimatiuza za anthu amene analembetsa dzina ku mpingo. Za makwawa a m'mitima yawo sichinenapo kanthu.

Mawu akuti kaonedwe ka dziko anayambira kwa anzeru a ku Germany. Immanuel Kant anawagwiritsa ntchito mu 1790, ndipo patatha zaka pafupifupi 100 Akhristu anawatola. Mmodzi mwa iwo anali Abraham Kuyper wa ku Netherlands, m'busa amene anadzakhalanso nduna yaikulu ya dziko lake kuyambira 1901 mpaka 1905. Potsegulira sukulu ya ukachenjede ku Amsterdam mu 1880, iye ananena kuti m'moyo wonse wa munthu mulibe kamalo, ngakhale kochepa ngati chala chachikulu, kamene Khristu sanena kuti n'kake. Mfundo yake inali yoti Chikhristu si chipinda chimodzi m'nyumba ya moyo, choti timalowamo Lamulungu n'kutulukamo Lolemba. Chimafika kumunda, kusukulu, kubwalo la milandu ndi kumsika. Komatu ena ku South Africa anapotoza ziphunzitso za Kuyper yemweyo n'kuzisandutsa mzati wa tsankho. Ndiye musamve mawu oti "kaonedwe ka Chikhristu" n'kuyesa kuti aliyense wowatchula madzi ake akuyenda m'khwawa la Khristu.

Amene anafika pafupi ndi vuto la pamoto paja ndi Paul Hiebert, mmishonale wa ku America amene anagwira ntchito ku India. Mu 1982 analemba kuti amishonale a kwawo ankabwera ndi dziko la magawo awiri okha. Kumwamba kuli Mulungu, chipulumutso ndi moyo wosatha, ndipo zimenezo n'za m'busa. Pansi pali majeremusi, feteleza ndi mankhwala, ndipo zimenezo n'za dokotala ndi mlangizi. Koma anthu amene ankawalalikirawo ankakhala kwambiri pakati pa magawo awiriwa, pamene pali mizimu ya makolo, ufiti, maloto, malodza ndi tsoka. Mafunso awo anali oti, n'chifukwa chiyani wadwala mwana wanga osati wa mnzanga, ndipo n'chifukwa chiyani lero? Mmishonale ankati zimenezo kulibe. Munthu ankavomera mwaulemu, n'kubatizidwa, koma kukada ankapita kwa woombeza, chifukwa kumeneko n'kumene funso lake linkalandiridwa.

Kwathu kuno zinayenda chimodzimodzi. Amishonale a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Anamanga masukulu ndi zipatala zimene tikuzidalirabe mpaka lero, ndipo analimbana ndi mwavi umene unkatha anthu m'midzi. Koma zapakati zija ambiri anangoziletsa, osaziyankha. Chinthu choletsedwa popanda yankho sichifa, chimangolowa mkati mwa malaya. N'chifukwa chake khanda limapita ku ubatizo litavala zoyera mbee, koma m'chiuno muli kachingwe ka mankhwala komwe anamanga agogo ake.

Kuti timvetse chimene Baibulo likusintha, tiyambe ndi nthano ya makolo athu. Achewa amati pachiyambi Chauta anatsika pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, mvula ikugwa, ndipo onse ankakhala mwamtendere. Kenako munthu anapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthanoyi ndi yakuya ndipo sindiinyoza. Imadziwa kuti Namalenga alipo, kuti poyamba zinthu zinali bwino, ndiponso kuti amene anasokoneza ndi munthu. Omasulira Buku Loyera la 1998 anaona choonadi chimenechi, n'chifukwa chake analemba Chauta pamene Buku Lopatulika la 1922 limati Yehova. Koma taonani pamene nthano ziwirizi zasiyanirana. Pa Kaphirintiwa, munthu atalakwa, Chauta anachoka. M'buku la Genesis, munthu atalakwa, wothawa ndi munthuyo, ndipo Mulungu akuyenda m'munda kumufunafuna, akuitana kuti uli kuti. Uthenga wa Yohane umafika ponena kuti Mawu anasandulika thupi n'kukhala pakati pathu.

Kusiyana kumeneku si kwapakamwa chabe. Mulungu akakhala kutali, moyo wa tsiku ndi tsiku umatsala m'manja mwa apakati, ndipo nzeru yonse ya munthu imathera pa kuwasangalatsa kapena kudzitchinjiriza kwa iwo. Koma ngati Mulungu ali pafupi, ngati mpheta siigwa pansi iye osadziwa, ndiye kuti palibe dera la moyo limene analisiyira ena. Udzudzu ndi cholengedwa. Kachilombo ka malungo kamayenda motsata dongosolo limene munthu angathe kulifufuza, chifukwa dziko linalengedwa ndi Mulungu wa dongosolo. Mkhristu akamagona m'masikito, kapena akamatengera mwana ku katemera wa malungo amene Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka mu Epulo 2019, sanatuluke m'chikhulupiriro. Akugwiritsa ntchito nzeru yochokera kwa Mwini dziko. Luka amene analemba Uthenga anali dokotala, ndipo Paulo anauza Timoteo kuti azimwako vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake. Yakobo nayenso anati wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere. Baibulo silinaziike ziwirizi pa mpikisano. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, ena anafera kunyumba chifukwa anaphunzitsidwa kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro. Limenelo ndi dziko la magawo awiri lomwe lija, kungoti alitembenuza chadodolido.

Tsopano funso lija loti wachita ndani. Ophunzira a Yesu nawonso analifunsa. Ataona munthu wobadwa wosaona, pa Yohane 9, anafuna kudziwa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, n'kutembenuza nkhani kuti iyang'ane kutsogolo, ku ntchito za Mulungu zimene zikaonekere mwa munthuyo. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anzake a Yobu anathera machaputala ambirimbiri akusaka chifukwa cha tsoka lake, mapeto ake Mulungu anawadzudzula. Baibulo limavomereza kuti pali kuvutika kumene sikuloza munthu wina aliyense. Dziko lonse linavulala, chilengedwe chikubuula, monga akunenera Aroma 8, ndipo m'dziko lotere ana amafa ndi malungo popanda wowalodza.

Apa m'pamene pali povuta kumeza. Kaonedwe kathu kakale kamaika choipa kunja: mfiti ndi uyo, wansanje ndi uyo, ine ndine wolakwiridwa. Yesu pa Marko 7 akuti zoipa zimatuluka mkati, mumtima mwa munthu, ndipo pamndandanda wake pali kupha, kaduka ndi mwano. Ndiye kuti usiku uja pamoto, choipa chimene tinali nacho umboni weniweni sichinali kutsidya kwa dambo. Chinali pakati pathu, chikusaka woti chimugwere. Ndipo aliyense pamenepo ankadziwa, ngakhale sananene, kuti banja lathu ndi gogo uja tinakanganapo za malire a dimba. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi abale awo ndi anansi awo mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika m'khwawa. Chimene chingafikemo ndi chiphunzitso cha pa Genesis 1 choti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Nkhalamba yopanda mano, yofiira maso chifukwa cha utsi wa zaka 70, ndi chifaniziro cha Mulungu. Mwana wachialubino ndi chifaniziro cha Mulungu, osati chizimba. Tili ndi mawu okoma akuti umunthu, koma umunthu wa pamudzi nthawi zina umakhala ndi mpanda, ndipo amene tamutcha mfiti timamuponyera kunja kwake. Chifaniziro cha Mulungu sichichotsedwa ndi msonkhano wa mudzi.

Wina afunsa kuti, kodi ndiye mukuti mizimu yoipa kulibe? Ayi, Baibulo silinena choncho, ndipo kubwereza cholakwa cha amishonale aja sikungatithandize. Yesu anatulutsa ziwanda. Paulo akunena za maukulu ndi maulamuliro. Koma taonani malo amene akuzipatsa. Pa Akolose 1 akuti zonse, zooneka ndi zosaoneka, zinalengedwa mwa Khristu, ndipo pa chaputala 2 akuti pa mtanda anazivula zida n'kuzionetsa poyera. Mphamvu zimenezi si anzake a Mulungu olimbana naye mofanana. Ndi zolengedwa zopanduka zimene zinagonja kale. Chinanso n'chakuti m'Chipangano Chatsopano chonse simupezamo mtumwi akuloza nkhalamba kuti ndiyo yadya mwana. Yesu akakumana ndi munthu wogwidwa ndi chiwanda ankamumasula, sankasaka amene wamutumizira.

Ndi muyeso umenewu tiyenera kuyeza zina zimene zafala masiku ano. Mayi amapita kwa mneneri, ndipo mneneri amamuuza kuti ukwati wake anaumanga ndi azakhali ake. Amamugulitsa madzi kapena mafuta odzozedwa, n'kumuuza kuti afese mbewu ya ndalama kuti zitseguke. Chotsani jekete ndi maikolofoni, muona kuti ndi ula womwe uja. Funso ndi lomwelo, yankho ndi dzina la wachibale, ndipo chitetezo n'chogula. Madzi abwerera m'khwawa lakale, angosintha mtundu. Simoni wa ku Samariya, pa Machitidwe 8, anali atakhulupirira n'kubatizidwa, koma ataona mphamvu ya Mzimu anatulutsa ndalama kuti aigule. Ubatizo unali utachitika, kaonedwe kanali kakale. Sindikunena mipingo ya Chipentekoste yonse ayi. Yambiri inakula chifukwa inalimba mtima kuyankha mafunso amene mipingo yakale inkawazemba, ndipo pamenepo tiyenera kuivulira chipewa. Koma yankho likamachulukitsa mantha ndi kudanitsa abale, silinachokere pa mtanda.

Kaonedwe kameneka kakakhazikika sikathera pa matenda ndi maliro. John Chilembwe anawerenga Baibulo lomwelo n'kuona kuti thangata la m'minda ya atsamunda ku Chiradzulu likunyoza chifaniziro cha Mulungu, ndipo chakumapeto kwa 1914 analemba kalata yofunsa chifukwa chimene Aafirika osauka akufera pa nkhondo ya eni ake. Za kunyamula zida kwake mu Januwale 1915 Akhristu amasiyana maganizo mpaka lero, koma funso lake linali la munthu amene wakana kutsekera Mulungu m'tchalitchi. Pa 8 Marichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Inanena za malipiro ochepa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha oyankhula. Boma linaitcha youkira, koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Maepiskopiwo sanasiye za Mulungu n'kulowa ndale. Anangotsata chikhulupiriro chawo mpaka kumene chinkapita.

Nkhani ya nthaka nayo ili momwemo. Salimo 24 likuti dziko lapansi ndi la Yehova, ndipo Genesis 2 akuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Matope atatsika m'phiri la Soche mu Marichi 2023, pa namondwe wa Freddy, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ena anati ndi chilango, ena anati ndi napolo. Ofedwa sayenera kulozedwa chala, pakuti ambiri anamanga m'mphepete mwa phiri chifukwa chosowa kwina, ndipo wootcha makala amatero kuti ana adye. Koma mpingo umene umalalikira za kumwamba kokha, osanenapo za mitengo, za malo okhala amphawi ndi za amene amagawa mapuloti, wasiya mbali ya uthenga wake. Chiyembekezo cha m'Baibulo si kuthawa dziko. Chivumbulutso 21 chikunena za kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano, mzinda ukutsika, Mulungu akudzakhala ndi anthu. Ulusi wa kangaude uja ukuyenda chobwerera.

Nanga khwawa latsopano limakumbidwa bwanji? Paulo pa Aroma 12 akuti tisandulike mwa kukonzanso kwa mtima, ndipo mawu ake akusonyeza ntchito yopitirira, osati ya tsiku limodzi la chitsitsimutso. Choyamba ndi kawerengedwe ka Baibulo. Ambiri tinazolowera kulitsegula ngati nsupa, kutolamo vesi limodzi loti litigwirire ntchito lero. Koma Baibulo ndi nkhani imodzi yaitali, yoyambira pa chilengedwe, kudutsa pa kugwa ndi pa mtanda, mpaka pa kukonzedwanso kwa zonse. Amene wawerenga buku la Yobu lonse savutika kuzindikira mlaliki wonena kuti wolungama sadwala. Amene wawerenga Amosi sangaone ziphuphu za ku ofesi ngati nkhani yosakhudza Mulungu.

Kenako pamafunika malo amene munthu angafunse mafunso a usiku masana. Kumphakati, kumvano, ku chigwirizano kapena ku kwaya, payenera kukhala mpata woti mayi anene kuti, "Ndalota malemu amayi akundipempha nsalu, nditani?" popanda kuopa kudulidwa. Tikamuseka kapena kumuopseza, apita nalo kwina funsolo. Ndipo si zonse za makolo zotaya. Kulemekeza akulu, kulira limodzi, kulera ana amasiye a m'bale wako, zonsezi Baibulo limazivomereza n'kuzizamitsa. Za mdulo zinkateteza khanda ndi mayi wake m'njira zina, ngakhale zinkasenzetsanso amayi milandu ya imfa zimene sanachite. Kulowa kufa n'kosiyana, kumachotsera mkazi wamasiye ulemu ndi moyo womwe. Ntchito ndi yopeta, osati yokhuthula lichero lonse. A Sinodi ya Nkhoma anayesa njira imeneyi pamene anakonza chilangizo m'malo mongoletsa chinamwali, ndipo ku Mua, Bambo Claude Boucher, wansembe wa Katolika, anathera zaka zambiri ku Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe, akuphunzira miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao asanaiweruze. Mukhoza kutsutsana nawo pa mfundo zina, koma anayamba ndi kumvetsera.

Ana nawo amaphunzira kaonedwe poona, osati pomva. Mwana amene amaona bambo ake akupemphera m'mawa, madzulo n'kumawamva akunena kuti wasitolo uja ngokhwima, waphunzira maphunziro awiri, ndipo lachiwirilo ndi limene lidzatuluke tsiku la mvula.

Tsiku loika maliro aja, gogo wotchulidwayo anabwera, atatsamira ndodo, n'kukhala payekha kumapeto kwa bwalo pansi pa mtengo wa mango. Amayi amene anali pafupi anasendeza mphasa zawo pang'onopang'ono. Pa nthawi ya chakudya, atsikana ogawa nsima ankamudutsa ngati sakumuona. Ndiye mayi wina wa mvano, atavala yunifolomu yake, duku loyera kumutu, anadzuka pakati pa anzake, anatenga mbale ya nsima ndi ya nyemba, n'kukakhala pansi pambali pa gogoyo. Anamusambitsa m'manja, n'kuyamba kudya naye mbale imodzi, anthu onse akuona. Sananene mawu alionse okhudza ufiti. Ndinamva akungomufunsa kuti, "Agogo, mwendowu ukupwetekabe?" Mkulu wa mpingo uja anayang'ana kumbali. Manong'onong'o sanathe tsiku lomwelo, ndipo msuweni wanga mpaka pano sapereka moni kwa gogoyo akakumana panjira ya kuchigayo.